NSIKIDZI ZABWERANSO: KODI MLANDU NGWA MANKHWALA A UDZUDZU?

Caka ndi caka, dzuwa la October likayamba kuswa mtengo, ndipo anchito a zaumoyo akafika m'midzi ndi mapampu kumsana kudzapopera mankhwala opha udzudzu, pamapezeka nyumba zina zokhoma. Eni ace amalawirira ku dimba kapena ku msika, ena amangoima pakhomo ndi kunena poyera kuti safuna. Mukafunsa cifukwa cace, yankho limene limveka kawiri-kawiri ndi lakuti mankhwalawo abweretsa nsikidzi. Dandaulo lomweli lagweranso maneti ogonamo. Ena awacotsa pa kama ndi kukachingira nao mbeu ku dimba kapena anapiye pa bwalo, ati popeza nsikidzi zamanga mudzi m'misoko yace.

Dandauloli siliyenera kusekedwa. Munthu amene wacezera usiku wonse kudzikanda, ana ali kulira, sanama pamene anena kuti nsikidzi zamuculukira. Koma mlandu suweruzidwa pakumva mbali imodzi. Sabata ino tifuna kuufufuza bwino-bwino, pakuti njira ziwiri zimene anthu ambiri athamangira, ndizo kukana mankhwala a udzudzu ndi kuthira mankhwala a m'munda m'cipinda cogona, zonse zingathe kutengera munthu kumanda, pamene nsikidzi yeni-yeniyo siipha.

NGAKHALE KU ULAYA ZIRIKO

Coyamba cimene tiyenera kudziwa ndi cakuti nsikidzi zaculuka ngakhale m'maiko mmene mulibe malungo ndiponso mmene simufika munthu wopopera udzudzu. Mu September ndi October 2023 mzinda wa Paris, likulu la dziko la France, unagwidwa ndi mantha pamene anthu anayamba kufalitsa zithunzi za nsikidzi zimene ananena kuti anaziona pa mipando ya masitima ndi m'nyumba zoonetseramo kanema. Nkhaniyi inafika mpaka m'nyumba ya malamulo, ndipo nduna ya zamaphunziro ya nthawi imeneyo, a Gabriel Attal, analengeza kuti sukulu 7 zinatsekedwa kamba ka tiziromboti. Akulu-akulu a Boma anada nkhawa kwambiri popeza mzindawo unali kuyembekeza alendo a masewera a Olympics a 2024. Mu November caka comweco Boma la South Korea nalonso linakhazikitsa nchito yapadera ya milungu 4 yosaka nsikidzi m'nyumba zogona alendo, m'masitima ndi m'malo ena osonkhanamo anthu.

Bungwe la Boma la France loona za umoyo wa anthu m'zakudya, m'malo okhala ndi m'malo a nchito, lochedwa ANSES, linatulutsa lipoti mu July 2023. Lipotilo linasonyeza kuti pakati pa 2017 ndi 2022 mabanja 11 mwa mabanja 100 ali onse m'dzikomo anabvutikapo ndi nsikidzi, ndi kuti banja limodzi linali kutaya ndalama zokwana pafupi-fupi ma euro 866 pofuna kuzithetsa. Linanenanso mau amene ife tiyenera kuwasunga: nsikidzi zilowa m'nyumba ya wolemera ndi ya wosauka cimodzi-modzi, ndipo kukhala nazo si cizindikiro ca uve. Kusiyana kwace ndi kwakuti kwa wosauka zikhalitsa, popeza alibe ndalama zolipira akatswiri ozicotsa.

Ngati nsikidzi zabweranso ku Paris kumene kulibe pampu ya udzudzu, ndiye kuti gwero la bvutoli liri kwina. Kuti tilipeze tiyenera kuyamba tadziwa moyo wa kaciromboka.

MDANI TIMDZIWE

Nsikidzi zimene zibvutitsa anthu kwambiri ziri za mitundu iwiri. Akatswiri azicha Cimex lectularius, imene ipezeka kwambiri ku maiko ozizira, ndi Cimex hemipterus, imene ikonda maiko otentha. Makhalidwe ao ndi ofanana. Nsikidzi yaikulu ndi yofiirira ndi yophwathalala, utali wace mamilimita 5 kufikira 7, monga njere ya mpunga. Siiuluka ndipo siidumpha. Iyenda ndi miyendo cabe, kapena kunyamulidwa ndi ife tomwe m'zobvala ndi m'katundu. Cakudya cace ndi magazi okha, motero nyenyeswa za nsima ndi zinyalala za pa bwalo ziribe nazo kanthu.

Usana ibisala m'malo opanikiza ndi a mdima pafupi ndi pogona munthu: molumikizira matabwa a kama, m'misoko ya matiresi, pakati pa bango la mphasa, m'ming'alu ya cipupa, ndi kuseri kwa makalendala ndi zithunzi zopacikidwa. Usiku itsata mpweya umene munthu atulutsa popuma ndi kufunda kwa thupi lace, iyamwa kwa mphindi 5 kufikira 10, ndi kubwerera kobisala. Zizindikiro zace ndi timadontho takuda ta ndowe pa matabwa ndi pa nsalu, mawanga a magazi pa zofunda, ndi timakoko tofundula. Anthu ena satupa ngakhale alumidwe, cotero mwamuna ndi mkazi wace angathe kugona pa kama imodzi, wina ali kudandaula, mnzace osamva kanthu.

Yaikazi iikira mazira owerengeka tsiku ndi tsiku, ndipo pa moyo wace wonse angakwane 200 kapena kuposa. Mazirawo ndi oyera, utali wace milimita imodzi cabe, ndipo amamatirira pa thabwa kapena pa nsalu. Aswa pakapita masiku 6 kufikira 10. Kamwana kafundula kasanu kasanakule, ndipo ulendo uli wonse kayenera kuyamba kayamwa magazi. M'nyengo yotentha kakula msanga, ndipo pakatha milungu 5 kapena 6 nakonso kayamba kubereka. Nsikidzi ingathe kukhala miyezi ingapo osadya, motero kuthawa nyumba kwa sabata imodzi kapena ziwiri sikuthandiza.

Kufikira lero palibe umboni wakuti nsikidzi ipatsira munthu matenda. Siipatsira malungo, siipatsiranso kacirombo ka HIV. Komabe isowetsa tulo, ndipo mwana wosagona saphunzira bwino, mlimi wosagona salima bwino. Kukanda kubweretsa zironda zimene zingacite mafinya, ndipo pamene nsikidzi zaculuka kopitirira zingathandize kucepetsa magazi mwa ana aang'ono ndi okalamba. Tisaisokoneze ndi nkhufi, imene ikhala m'fumbi la pansi ndi m'ming'alu. Nkhufi ipatsira matenda otentha thupi obwereza-bwereza, ndipo wolumidwa nayo akadwala afunika cipatala.

CIFUKWA CACE MANKHWALA ALEPHERA

Nsikidzi zakhala ndi munthu kuyambira kale-kale. Ofukula za makedzana anapeza zotsalira zace pa malo ochedwa Amarna ku Egypt, m'mudzi wa anchito wa zaka zoposa 3,000 zapitazo. Zinthu zinasintha pamene katswiri wa ku Switzerland, a Paul Müller, anatulukira mu 1939 kuti DDT ipha tizirombo. Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse mankhwalawa anagwiritsidwa nchito ponse-ponse, ndipo ku Ulaya ndi ku America nsikidzi zinacepa kotero kuti ana ambiri anakula osaionapo. Koma ndi kale mu 1947 ku Hawaii kunapezeka nsikidzi zosafa ndi DDT. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 zinayamba kuculukanso m'mizinda yaikulu, mothandizidwa ndi kuculuka kwa maulendo ndi malonda a katundu wogwirapo kale nchito.

Kodi kacirombo kazolowera bwanji mankhwala? Mlimi ali yense adziwa kasankhidwe ka mbeu. Akamasunga ngala zazikulu zokha-zokha caka ndi caka, munda wace udzala ndi cimanga ca mtundu umenewo. Mankhwala acita cimodzi-modzi. Tikathira m'nyumba, nsikidzi zofooka zifa, ndipo zitsala zocepa zimene zinabadwa zolimba. Zotsalazo ndizo zikhala mbeu. Ana ao atengera kulimbako, ndipo pakapita zaka nyumba idzala ndi nsikidzi zimene mankhwala aja saziopsa konse. Akatswiri apeza kuti zina ziri ndi khungu lokhuthala losalowa mankhwala msanga, zina thupi lao lisungunula ululu usanagwire nchito, ndipo zina mitsempha yao inasintha pa malo peni-peni pamene mankhwala agwira.

Coipa kwambiri ndi cakuti DDT ndi mankhwala a gulu la pyrethroid agwira pa malo amodzi a mitsempha ya kacirombo. Motero nsikidzi imene makolo ace anapirira DDT kawiri-kawiri ipiriranso pyrethroid, ndipo pyrethroid ndiye ali m'zitini zambiri zopopera zogula m'sitolo ndiponso m'maneti ambiri. Mu 2007 ofufuza a pa yunivesite ya Kentucky ku America anapeza kuti nsikidzi zina zogwidwa m'nyumba za anthu sizinali kufa ngakhale ndi muyezo wa deltamethrin woposa maulendo zikwi-zikwi umene upha nsikidzi wamba. Ici ndico cifukwa cace munthu agula citini lero, mawa cina, ndalama ndi kutha nsikidzi ziri pomwepo.

TSONO MLANDU NGWA YANI?

Nkhani ya ku Tanzania itithandiza kuweruza mosakondera. Pamene midzi ina ya kumeneko inalandira maneti onyikidwa m'mankhwala a pyrethroid, nsikidzi zinasowa, ndipo anthu anawakonda manetiwo kamba ka tulo tabwino. Patapita zaka pafupi-fupi 6 nsikidzi zinabweranso. Ofufuza amene analemba za nkhaniyi mu 2002 anaziyesa ndipo anapeza kuti zinali zitazolowera mankhwalawo. Cotero ndi zoona kuti maneti ndi mankhwala opopera, pamodzi ndi zitini za m'sitolo, athandiza kusankha nsikidzi zolimba. Pamenepa odandaula sanalakwe.

Koma mankhwala sabala nsikidzi. Nsikidzi ibadwa kucokera m'dzira la inzace, ndipo m'pampu mulibe mazira, m'paketi ya neti yatsopano mulibenso. Nanga ncifukwa ciani zioneka zambiri opopera atangocoka? Zifukwa ziripo zinai. Coyamba, mankhwala ena, maka-maka DDT ndi pyrethroid, anyansa nsikidzi zosafa nao, motero zituluka m'ming'alu mmene zinali kubisala ndi kuyamba kuyenda poyera, ngakhale usana. Caciwiri, tsiku lopopera titulutsa katundu yense ndi kusuntha makama, ndipo zimene zinali zobisika zimwazika. Cacitatu, nchito ya kupopera icitika mvula isanayambe, m'miyezi yotentha, nthawi yomwe nsikidzi ziswana msanga ngakhale m'nyumba yosapoperedwa. Cacinai, wopopera athira pa zipupa ndi kunsi kwa denga, pamene udzudzu utera ukayamwa magazi. Salowa molumikizira matabwa a kama kapena m'misoko ya matiresi, popeza imeneyo si nchito imene anatumidwa.

Za neti ndi cimodzi-modzi. Misoko ndi ngondya zace ndi malo abwino obisalamo pafupi ndi munthu wogona. Ngati m'nyumba muli kale nsikidzi zosaopa mankhwala, zikwera pa netiyo ndi kukhala pomwepo, ndipo popeza nsaluyo ndi yowala zioneka msanga. Neti yangoulula cimene cinalipo kale.

MTENGO WA KUKHOMA CITSEKO

Dziko la South Africa linaona zotsatira za kusiya zipupa zopanda mankhwala ogwira nchito. Mu 1996 linaleka kupopera DDT m'nyumba ndi kuyamba pyrethroid. Zifukwa zinali zingapo, ndipo pakati pa izo panali madandaulo a anthu a kumidzi akuti DDT isiya mawanga oyera pa zipupa ndi kuculukitsa nsikidzi. Koma udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus, umene unali utasowa, unabweranso uli wosafa ndi mankhwala atsopanowo. Odwala malungo anaculuka mpaka kupitirira 60,000 m'caka ca 2000. Boma linabwerera ku DDT, linabweretsanso mankhwala atsopano ociza malungo, ndipo ciwerengero ca odwala cinatsika kwambiri.

Bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2023 panali odwala malungo 263 miliyoni ndipo anthu 597,000 anamwalira. Mwa imfa 100 ziri zonse, 95 zinacitika mu Africa muno, ndipo zambiri mwa izo zinali za ana osakwana zaka 5. Kufufuza kwina kumene kunafalitsidwa mu 2015 kunasonyeza kuti pakati pa 2000 ndi 2015 nchito zolimbana ndi malungo zinapewetsa kudwala kokwana 663 miliyoni mu Africa, ndipo mbali 68 mwa 100 za cipambano cimeneci zinabwera ndi maneti. Dziko lathu la Zambia linadziikira colinga ca kuthetsa malungo pofika 2021, koma colingaco sicinakwaniritsidwe. Bambo amene akhoma citseko pothawa nsikidzi, kapena mai amene atenga neti kupita nayo ku dimba, asinthanitsa kuyabwa kwa khungu ndi matenda amene angaphe mwana m'masiku owerengeka.

MANKHWALA A M'MUNDA SI A M'CIPINDA

Ngozi yaciwiri ibwera pamene munthu watopa ndipo afuna mankhwala aukali. Ena atenga mankhwala a thonje kapena a matimati, ena a dibi ya ng'ombe, ena agula timabotolo topanda cizindikiro pa msika, ndi kuthira pa matiresi ndi pa mphasa pamene ana agona. Mankhwala otere alowa m'thupi kupyolera pa khungu ndi m'mpweya wopuma. Ena athira parafini kapena petulo, ndipo kandulo imodzi ikwanira kupsereza nyumba ndi onse ali m'menemo.

Oopsa kopambana ndi mapilisi otuwa a aluminium phosphide, amene aikidwa m'milu ya matumba a cimanga m'mashedi, pansi pa matenti, kupha anankafumbwe. Akakhudzana ndi cinyontho atulutsa mpweya wa phosphine, umene upyola m'ming'alu ndi pamwamba pa zipupa kufika m'zipinda zina, ndipo palibe mankhwala osukulutsa ululu wace. Mu February 2015, m'tauni ya Fort McMurray ku Canada, ana awiri a banja limodzi anamwalira pambuyo pakuti mapilisi otere anaikidwa m'nyumba mwao pofuna kupha nsikidzi. Mu December 2021, mu mzinda wa London, mtsikana wa zaka 11 anamwalira ndi mpweya womwewu, umene unacokera m'zipinda za banja lina m'nyumba yomweyo ya sanja, ndipo mu 2024 khoti linapeza wothirayo wolakwa pa mlandu wa kupha munthu mosafuna. Onsewa anali anthu ofuna tulo cabe. Akulu anati safunsa anadya phula.

Munthu akayamba kusanza, kutuluka thukuta ndi malobvu ambiri, kumva cizungulire kapena kubanika pambuyo pa kuthira mankhwala m'nyumba, mumtulutse kunja kwa mphepo, mumbvule zobvala zimene zakhudza mankhwala, mumsambitse ndi sopo, ndi kuthamangira naye ku cipatala mutanyamula botolo kapena paketi ya mankhwalawo. Musamsanzitse, ndipo musataye nthawi ndi kummwetsa mkaka, pakuti mkaka sucotsa ululu.

CIDA CIMENE NSIKIDZI SIINAZOLOWERE

Nsikidzi yazolowera mankhwala, koma kutentha kuipha lero monga kale. Pa madigiri 50 nsikidzi ndi mazira ace zifa m'mphindi zowerengeka, ndipo kucapa ndi madzi a madigiri 60 kupha zonse. Madzi owira ndi otentha kuposa pamenepo, ndipo nyumba iri yonse iri ndi mphika ndi nkhuni.

Tulutsani kama kunja, muimasule ngati nkotheka, ndi kuthira madzi owira molumikizira monse ndi m'mabowo a misomali. Citani cimodzi-modzi ndi mphasa, mikeka ndi mipando, ana ali patali kuti asapse. Mabulangeti, nsalu ndi zobvala muzinyike m'madzi otentha kwambiri, ndipo zikauma muzisite ndi nsimbi, maka-maka m'misoko. Ngati matiresi ndi a thumba lodzaza udzu, tenthani udzuwo kutali ndi nyumba ndi kuwiritsa thumbalo. Ngati ndi a siponji, bvulani nsalu yace ndi kuiwiritsa, pukutani siponji ndi burashi yolimba kucotsa mazira, ndipo ngati ili ndi mabowo ambiri muikute ndi pulasitiki yolimba yosabooka, kuimata bwino ndi kuisiya yosatsegula kwa caka cathunthu. Mphasa yotheratu muitenthe, musaipatse mnansi.

Dzuwa lithandiza koma lisatinyenge. Zobvala zocepa zomangidwa m'thumba lakuda la pulasitiki ndi kusiyidwa pa dzuwa lamphamvu tsiku lonse zingathe kutentha mokwanira. Matiresi okhuthala satentha mpaka m'kati, ndipo nsikidzi zingothawira kunsi kozizira ndi kubwerera m'nyumba madzulo pamodzi ndi matiresiwo.

Neti yokha isamalidwa mwa njira ina. Madzi otentha ndi dzuwa ziononga mankhwala ace. Muiturutse kunja, muyang'ane misoko ndi ngondya zonse ndi kupha nsikidzi ndi mazira ndi manja, muicape ndi madzi ozizira ndi sopo wamba, ndi kuiyanika pa mthunzi. Pambuyo pace kokani kama kuti isakhudze cipupa, zofunda ndi neti zisafike pansi, ndipo miyendo ya kama muiike m'zitini zosalala zokhala ndi madzi pang'ono a sopo.

Alimi a ku maiko a Bulgaria ndi Serbia anali ndi njira yao ya kale. Madzulo anali kuyala masamba a nyemba pansi kuzungulira kama, ndipo m'mawa anali kuwasonkhanitsa ndi kuwatentha pamodzi ndi nsikidzi zokodwamo. Ofufuza a ku America anasonyeza mu 2013 kuti timbedza tating'ono ta pa masambawo tibaya miyendo ya nsikidzi. Masamba ayenera kukhala aawisi, ndipo agwira zokhazo zimene zayendapo, motero njirayi ingocepetsa, siitha bvuto.

Cofunika koposa ndi kubwereza. Mazira amene anapulumuka aswa m'masiku 10, cotero nchito yonseyi iyenera kucitikanso pakapita sabata imodzi kapena masiku 10, katatu kapena kanai. Ambiri agonja cifukwa acita kamodzi, ndipo akaona nsikidzi zatsopano aganiza kuti njirayo ndi yacabe. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Nthawi ya kumata ming'alu ya zipupa ndi kuzira pansi ndi August ndi September, opopera asanafike. Akapopera, cipupa cisamatidwe kapena kupakidwa laimu kwa miyezi 6, pakuti kutero kukwirira mankhwala ndi kubwezera udzudzu ufulu. Tsiku lopopera lomwelo ndilo labwino koposa lolimbana ndi nsikidzi. Katundu yense ali kale pa bwalo, dzuwa liri kutentha, ndipo banja liyenera kudikira kunja maola awiri. Madzi akhale pa moto kuyambira m'mawa, kuti kama ndi mphasa zibwerere m'nyumba zitathiridwa kale.

NCHITO YA MUDZI WONSE

Nyumba imodzi ingathe kuyeretsedwa bwino, koma nsikidzi zibweranso ndi mphasa yobwereka pa maliro, ndi cikwama ca mlendo wocokera ku Lusaka kapena ku Migodi, ndi thiranki ya mwana wocokera ku sukulu yogonera komweko. Cala cimodzi siciswa nsabwe. Mwana akafika pa holide, thiranki yace itsegulidwe kunja ndipo zobvala zicapidwe ndi madzi otentha zisanalowe m'nyumba. Zobvala za salaula zicapidwe ndi kusitidwa zisanabvalidwe. Kama, matiresi ndi mipando yogula kwa ena iyang'anidwe usana poyera. Wogona m'nyumba ya alendo ayang'ane misoko ya matiresi asanagone, ndipo cikwama cace asaciike pa kama.

Cimene cipatsa nsikidzi mphamvu kwambiri ndi manyazi. Banja libisa bvuto poopa kunenedwa kuti ndi lauve, ndipo pofika nthawi yolankhula zafalikira kale kwa anansi. Taona kuti ngakhale ku France akatswiri a Boma ananena poyera kuti nkhaniyi si ya uve. A nyakwawa ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi angathe kusankha tsiku limodzi lakuti nyumba zonse zitulutse makama ndi mphasa, ndi kubwereza sabata yotsatira, kuthandizanso okalamba ndi odwala amene sangathe kunyamula. Akulu a sukulu zogonera komweko ayeretse zipinda zonse nthawi imodzi ana ali pa holide, osati cipinda cimodzi lero cina mwezi wamawa. Pamene bvuto lakula, funsani mkulu wa zaukhondo wa pa cipatala ca kwanu, amene ambiri amucha EHT, musanagule mankhwala ali onse.

Akulu-akulu a zaumoyo nao ali ndi mbali yao. Kuuza munthu wolumidwa kuti nsikidzi azilota sikungatsegule citseko cace. Magulu opopera ayenera kubvomera kuti nsikidzi zingaoneke zambiri pambuyo pa kupopera, kufotokoza cifukwa cace, ndi kuphunzitsa za madzi otentha pa msonkhano womwewo wolengeza tsiku lopopera. Bungwe la ZEMA, limene lamulo la 2011 linalipatsa mphamvu yoyang'anira mankhwala opha tizirombo, pamodzi ndi makhonsolo, ayenera kufika m'misika ya kumidzi kumene timabotolo topanda cizindikiro ndi mapilisi a cimanga zigulitsidwa pa thebulo limodzi ndi mcere.

Motero, owerenga athu, opopera akadzafika m'mudzi mwanu adzapeze ming'alu yomata kale, citseko cotsegula ndi madzi ali kuwira pa moto. Neti ibwerere pa kama ya ana, ndipo mankhwala a thonje ndi a cimanga akhale kutali ndi cipinda cogona.